Kafukufuku wa chaka chomaliza ku Mangochi: wailesi, mafoni ndi asodzi

Tamanda: Moni nonse pagulu pano. Ndili chaka chachinayi, maphunziro a utolankhani ndi kufalitsa mauthenga. Mutu womwe ndinapereka ndi wakuti "Mmene wailesi zikuthandizira chitukuko m'boma la Mangochi". Supervisor waubweza, akuti wakula kwambiri. Ndili ndi milungu inayi ya holide yoti ndikatolere zonse, ndipo ndalama ndi zochepa. Ndiudule bwanji?

A Mbewe: Supervisor wanuyo sanalakwe, achemwali. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi, kuchokera ku Makanjira mpaka kwa Nankumba, kukwera ku Namwera mpaka kwa Katuli kumalire. Milungu inayi simungalankhulire anthu onsewo. Ndiye chitukukocho ndi chiti? Sukulu, ulimi, chipatala, misewu, zonse zili momwemo.

Sankhani uthenga umodzi, anthu a ntchito imodzi, malo awiri ndi nyengo imodzi. Mwachitsanzo: machenjezo a mphepo ya mwera ndi mmene amafikira asodzi pamadoko awiri. Mukatero mafunso akuluakulu amatuluka okha. Amamva kuchokera kuti? Amamva nthawi yanji, asanalowe m'madzi kapena atalowa kale? Akamva amachita chiyani? Cholinga chilichonse chomwe mwalemba m'chaputala choyamba chikhale ndi mafunso ake pafomu, komanso tebulo lake m'chaputala chachinayi. Cholinga chomwe simukutha kuchionera tebulo lake panopa, chichotseni.

Tamanda: Wa mwerawo ndaukonda. Koma kodi sangati ndi mutu wa anthu a za usodzi?

A Mbewe: Ayi. Inu simukuwerenga nsomba, mukutsata uthenga kuchokera kunthambi yoona za nyengo, kudutsa pawailesi kapena pafoni, mpaka m'khutu mwa munthu wokwera bwato. Wa Library and Information Science angautengenso womwewu, n'kuyang'ana kwambiri mmene asodziwo amafunafunira okha zomwe akufuna kudziwa.

Che Amidu: Mutuwo ndi wabwino koma muone kaye kalendala. Mwera umavuta kwambiri kuyambira May mpaka August. Holide yanu ikagwa mu January, mudzakhala mukufunsa anthu zinthu za miyezi isanu yapitayo, ndipo adzakuyankhani zongokusangalatsani. Mu November ndi December nyanja imakhala yotseka ku mitundu ina ya makoka, anthu ena amasamuka kapena amapita kukalima, doko silikhala mmene limakhalira.

Chachiwiri ndi ola. A usipa amalowa usiku ndi nyali, amatuluka m'bandakucha. M'mawa ndi nthawi ya malonda, palibe amene angasiye ndowa kuti ayankhe mafunso a mwana wasukulu. Akatha kugulitsa amakagona. Nthawi yanu ndi masana, cha m'ma 2 mpaka 4 koloko, akamasoka maukonde. Apo manja amagwira ntchito koma pakamwa pali pomasuka. Mwezi ukamawala kwambiri usodzi wa nyali umachepa, ambiri amapita kwawo, choncho muyang'anenso masiku a mwezi. Lachisanu masana musaikepo chilichonse, anthu ali kumzikiti. Ikakhala Ramadan, zokambirana za pagulu zokhala ndi zakumwa masana ziiwaleni.

Che Amidu: Ndiwonjezere ichi chifukwa ophunzira ambiri amachiphonya. Mukangolemba kuti "asodzi" mwasakaniza anthu osiyana. Pali mwini zida, amene nthawi zambiri salowa n'komwe m'madzi. Pali siginala wotsogolera gulu ndi nyali, pali alovi ogwira ntchito m'bwato, pali amayi ogula usipa n'kumayanika pathandala. Mukamufunsa mlovi kuti "mukamva chenjezo mumatani", akuuzani kuti amakhala kumtunda. Koma ganizo lolowa kapena kusalowa si lake, ndipo tsiku lomwe sanalowe sadya. Pafomu pakhale funso lakuti munthuyo ntchito yake ndi iti, ndi lina lakuti amalamula zolowa ndani. Popanda mafunso awiriwa matebulo anu adzanena kuti onse amamvera machenjezo, pomwe mabwato akulowabe.

Yusufu: Ine ndili chaka chimodzi ndi a Tamanda, koma mbali ya laibulale. Kwathu aliyense akulemba sample ya 384. Akuti ukalemba yochepera pamenepo panel imakubweza.

Chikondi K.: 384 imachokera patebulo la Krejcie ndi Morgan la 1970, ndipo ndi ya pomwe anthu ali ochuluka kwambiri. Tiyeni tiwerengere limodzi. Fomu yofunsa pakamwa imatenga mphindi 20 mpaka 25, kuphatikizapo malonje ndi kupempha chilolezo. Ngakhale mutapitirira maola omwe Che Amidu anena aja, munthu mmodzi akalimbikira afunsa anthu 8 kapena 10 patsiku. 384 kugawa ndi 9 ndi masiku opitirira 40, osapuma. Milungu inayi ili ndi masiku 28. Amene amalemba 384 ali okha ndi milungu inayi, mafomu ena amadzadzira kuhostel, tisanamizane.

Njira yoongoka ndi iyi. Komiti ya padoko, BVC, imadziwa eni zida ndi magulu awo. Tiyerekeze kuti madoko awiriwo mwalemba anthu 300. Fomula ya Yamane ndi N ÷ (1 + N × e × e), pomwe N ndi anthu onse omwe mwalemba ndipo e ndi kuphonya komwe mwalola. Mukaika e kukhala 0.05 mupeza 171. Mukaika 0.08 mupeza 103. Nambala 103 ndi yotheka, masiku 12 kapena 13, ndipo mukhoza kuiteteza pamaso pa panel bola mwalemba poyera kuti mwalola kuphonya kokulirapo chifukwa cha nthawi. Posankha, tengani mndandandawo, yambirani pa nambala yomwe mwachita mayere pakati pa 1 ndi 3, kenako munthu wachitatu aliyense. Mupeza 100, atatu otsalawo muwachitire mayere.

A Mbewe: Masamuwo ali bwino, koma Chikondi wanena mwachidule chinthu chovuta. Fomula iliyonse imagwira ntchito pokhapokha anthuwo asankhidwa mwamayere kuchokera pamndandanda. Padoko anthu amabwera n'kupita, mndandanda wa alovi sukhala wathunthu. Ngati mwangofunsa amene mwawapeza akusoka ukonde, lembani choncho, ndipo musanene kuti zotsatira zanu zikuimira asodzi onse a ku Mangochi. Woyesa amakhululuka sample yaing'ono yolongosoledwa moona. Chomwe sakhululuka ndi fomula patsamba 24, kenako patsamba 26 n'kupeza kuti munaima pamsika n'kumakodola odutsa.

Chikondi K.: Pamenepo sinditsutsa. Komabe mndandanda wopunduka ndi wabwino kuposa wopanda. Eni zida amadziwika, ndipo aliyense akhoza kukutchulirani gulu lake la sabata imeneyo.

Abiti Saidi: Mwathamangira manambala musanalowe n'komwe m'mudzi. Kalata ya dipatimenti ndi poyambira chabe. Proposal imadutsa kaye ku komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku, monga MZUNIREC kwa a ku Mzuni kapena UNIMAREC kwa a ku Zomba, ndipo onsewa ali pansi pa malamulo a NCST, bungwe la boma loona za sayansi ndi kafukufuku. Funsani dipatimenti yanu kuti a digiri yoyamba amadutsa njira iti, chifukwa zimasiyana, ndipo zimatenga nthawi. Mukafika ku Mangochi, kalata ipite ku ofesi ya DC, kenako kwa a Fisheries, kenako kwa a T/A a deralo, a gulupu, a nyakwawa, pomaliza wapampando wa BVC. Jambulitsani makope osachepera 6 chifukwa ofesi iliyonse imatsala ndi yake. Ikani masiku atatu oyambirira a izi zokha. Kwa mfumu simupita chimanjamanja, ndipo musayambe ndi kutulutsa pepala. Khalani pansi, mulonjeredwe, amene wakuperekezani ayambe kulankhula.

Koma mukalandira chilolezo cha a Fisheries, musakwere galimoto yawo popita kudoko, ngakhale akupatseni lifiti yaulere. Anthu akakuonani mukutsika mmenemo, ndinu wolanda maukonde basi, ndipo amene ali ndi zida zoletsedwa sakuyandikirani. Vuto lina ndi lakuti mukatulutsa kope n'kuyamba kulemba maina, ena adzaganiza kuti ndi kalembera wa thandizo, ngati Mtukula Pakhomo. Pamenepo aliyense alibe wailesi, alibe foni, alibe kalikonse. Nenani koyambirira, pamaso pa mfumu, kuti ndinu mwana wasukulu, simukulemba anthu oti alandire kanthu, ndipo mubwerezenso kwa munthu aliyense musanayambe kumufunsa.

Tamanda: Nanga za kusaina? Ambiri mwina salemba.

Abiti Saidi: Muwerengereni kalata ya chilolezo m'chinenero chake, adinde chala, pakhale mboni yosakhala inuyo. Ena amaopa kudinda, ndiye pemphani komiti ija ikuloleni kujambula mawu akuvomera pakamwa. Zimenezi zilembedwe mu proposal, osati kukaganizira padoko. Pakati pa alovi mupezamo anyamata osakwana zaka 18. Amenewo musawafunse pokhapokha komiti inavomereza ndipo kholo lalola.

Mayi Nyirenda: Pa maina omwewo, kumbukirani kuti tili ndi Data Protection Act ya 2024. Dzina, nambala ya foni, mawu ndi chithunzi cha munthu ndi zake. Fomu ikhale ndi nambala, monga MS-014, ndipo pepala lolumikiza nambala ndi dzina lisungidwe padera. Zithunzi za anthu omwe mwawafunsa musaike pa status.

Yusufu: Funso lomwe palibe amene amaliyankha m'kalasi: anthuwo timawapatsa ndalama kapena ayi?

A Mbewe: Pa fomu ya mphindi 20, ayi. Mukalipira woyamba, mawa doko lonse ndi alovi, ndi ogulitsa mandasi omwe.

Abiti Saidi: Pa fomu ndikuvomera. Koma pa zokambirana za pagulu, a Mbewe, mwamuchotsa mayi pathandala ola lathunthu ndi theka, usipa wake ukudyedwa ndi akhwangwala. Chakumwa ndi bani ndi ulemu chabe. Amene wachokera kutali mumubwezere ya kabaza. Mabungwe anazoloweza anthu ma allowance, ndiye nenani msanga zomwe muli nazo kuti wokana akane musanayambe, osati mkangano ubuke pomaliza.

A Mbewe: Chakumwa sindikana. Bola chilembedwe mu bajeti ya proposal, ndipo chisalengezedwe ngati malipiro.

Abiti Saidi: Gulu likhale la anthu 6 mpaka 8. Amayi paokha, alovi paokha, eni zida paokha. Mukaika mlovi ndi bwana wake pamkeka umodzi, mumva mawu a bwana okha. Mfumu kapena wapampando akafuna kukhala nawo, muwapatse nthawi yawoyawo yocheza nawo payekha, muwauze kuti maganizo awo ndi ofunika kuwamva bwinobwino. Amakondwa, ndipo gulu limamasuka.

Tsopano chinenero. Mangochi si wa chinenero chimodzi. Kuvuma kwa nyanja, Malindi, Lungwena mpaka Makanjira, ndi Chiyao kwambiri. Kwa Nankumba ndi Chichewa, ndipo padoko ngati la Msaka mupezanso Atonga ndi Atumbuka ochokera kumpoto. Ambiri olankhula Chiyao amamva Chichewa, koma amayi achikulire akafika pofotokoza za mumtima amabwerera kwawo. Fomu imasuliridwe isananyamuke. Munthu mmodzi amasulire, wina amene sanaone ya Chingerezi aibwezere ku Chingerezi, kenako mufananize ziwirizo. Pomwe zasiyana ndi pomwe funso lili ndi vuto. Mukasiya kuti wokuthandizani azimasulira m'mutu mwake padoko, funso limodzi lifunsidwa m'njira khumi.

Chikondi K.: Ndipo muiyese kaye pa anthu 10, padoko lomwe silili m'kafukufuku wanu. Mafunso aja a magawo asanu, kuyambira kuvomereza kwambiri mpaka kukana kwambiri, papepala amaoneka bwino koma pakamwa amafa. Munthu amangoti "eya, zili bwino", wofunsa n'kusankha yekha bokosi. Funsani zomwe munthu anachita. Dzulo munamvera wailesi? Nthawi yanji? Munali kuti? Chenjezo lomaliza la mphepo munalimva kwa ndani? Tsiku limenelo bwato lanu linalowa?

Funso lakuti "muli ndi wailesi pakhomo" limanamiza kawiri. Ambiri amamvera pa kafoni ka mabatani komwe kali ndi FM, ndipo iwo sakawerenga ngati wailesi. Kwina wailesi ilipodi, mayi ayankha kuti eya, koma bambo amayenda nayo. Choncho kukhala nayo ndi funso lina, kumvera ndi lina, wosankha siteshoni ndi linanso. Pofunsa siteshoni, musayambe ndi kuwerenga maina. Asiyeni atchule okha, mulembe, kenako muwerenge otsalawo. Ena sadziwa dzina la siteshoni koma amadziwa pulogalamu kapena muulutsi, ndiye siyani mpata wolemba zimenezo.

Tamanda: Mbali ya wailesiyo ndiigwira bwanji? Ndikangocheza ndi ma station manager basi?

Abiti Saidi: Kucheza nawo n'kofunika, koma sikokwanira. Mangochi ali ndi mwayi, wailesi zilipo zingapo: Dzimwe yomwe inayambira ku Monkey Bay, Lilanguka, Umoyo, ndipo Radio Maria likulu lake lili konkuno. MBC ndi Zodiak zimamvekanso. Sankhani ziwiri zomwe zatchulidwa kwambiri pa anthu 10 oyesera aja. Ndandanda ya mapulogalamu yomwe mupatsidwe imanena zomwe zimayenera kuuluka. Zomwe zinaulukadi zimasintha magetsi akathima, muulutsi akadwala, kapena wina akagula nthawiyo. Ndiye jambulani nokha. Siyani foni imodzi yokhala ndi FM ndi memory card kwa munthu wodalirika, azijambula nthawi za nkhani ndi zanyengo.

A Mbewe: Pa kusanthula zojambulidwazo, musatenge sabata imodzi yondondozana, chifukwa ikakhala sabata ya bata simupeza chenjezo lililonse. Sankhani masiku mwamayere m'milungu yonse inayi, kuti Lolemba lichokere sabata ina, Lachiwiri ina, choncho mpaka Lamulungu. Pamwamba pa amenewo, jambulani tsiku lililonse lomwe a zanyengo atulutsa chenjezo la mphepo panyanja. Konzani pepala lokhala ndi mizere iyi: tsiku, ola, siteshoni, chinenero, kutalika kwake m'masekondi, gwero lomwe latchulidwa, ngati latchula dera, ngati lanena choti munthu achite. Ola ndiye mtima wa nkhani yanu. Chenjezo lowerengedwa 8 koloko usiku, anthu analowa dzuwa likulowa, lafika kwa akazi awo okha.

Mnzanu mmodzi amvetsere gawo limodzi mwa magawo khumi a zojambulazo, adzaze pepala lomwelo osaona lanu. Mukasiyana kwambiri, vuto ndi matanthauzo a mizere yanu, akonzeni n'kubwereza. Pulogalamu ya manambala ya SPSS imawerengera Cohen's kappa, muyeso wa mmene awirinu mwafananira, ndipo ambiri amakhutira ikafika cha pa 0.7.

Mayi Nyirenda: Machenjezo enieniwo mungawapeze ku Department of Climate Change and Meteorological Services, kuti muone ola lomwe anatuluka ndi mawu ake, n'kufananiza ndi zomwe zinamveka pawailesi. Ambiri amawaika poyera pamasamba awo. Zikavuta kupeza chikalata kuofesi ya boma, lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo ofesi iyenera kuyankha m'masiku 15 ogwira ntchito. Ndi milungu itatu imeneyo, ndiye pempho lipite musananyamuke. Koma yambani ndi kupempha mwaulemu ndi kalata ya sukulu. Kutchula lamulo pakhomo penipeni kumaumitsa anthu.

Chikondi K.: Za zida. Fomu ikani pa KoboToolbox, tsamba lokonzera mafomu a pafoni, ndi yaulere pa ntchito yaing'ono ngati iyi, ndipo app yake ya KoboCollect imagwira popanda netiweki. Ikani malire pa mayankho, zaka zikhale pakati pa 18 ndi 90, kuti chala chikaterereka isalole. Ikani zodumpha, kuti amene wati samvera wailesi asafunsidwe za siteshoni. Madzulo aliwonse pitani pomwe pali netiweki mutumize za tsikulo. Mafomu osatumizidwa amakhala m'foni mokha, ikagwera m'madzi kapena wina akafufuta app kuti apeze malo, zapita. Musasinthe maina a mafunso muli pakati pa ntchito, mudzapeza mizere iwiri ya funso limodzi. Nyamulani power bank ndi mafomu a pepala 20.

Kujambula mawu kunyanja mdani wake ndi mphepo. Khalani kuseri kwa nyumba kapena kwa bwato, msana wanu utchinge mphepo, foni ivale kasiponji kapena sokosi pomwe pali maiki. Ikani pa airplane mode, apo ayi wina akakuimbirani kujambula kumaduka osadziwa. Jambulani masekondi 30, mumvetsere ndi ma earphone, kenako muyambe. Pagulu foni ikhale pakati, pansalu, osati pathebulo lomwe anthu akugogoda. WAV ya mono imadya pafupifupi 300 MB pa ola, MP3 ya 128 kbps pafupifupi 60 MB. Pa mawu a anthu MP3 ikwana.

Yusufu: Kulemba zomwe zajambulidwa kumatenga nthawi yaitali bwanji? Ine ndaikira masiku awiri.

Chikondi K.: Hahaha achimwene, masiku awiri? Ola limodzi la mawu limafuna maola 5 kapena 6 kulilemba, likakhala lomveka bwino. Magulu anayi a ola limodzi ndi anthu 6 a mphindi 30 ndi maola 7 a mawu, kutanthauza maola 35 mpaka 42 okhala pansi. Likakhala la Chiyao loti limasuliridwenso, onjezani ena ngati omwewo. Mapulogalamu olemba okha sanafike podalirika pa Chichewa cha pagulu, anthu akulankhula modukizana, nanji Chiyao. Lembani kaye m'chinenero chomwe munthu analankhula, kumasulira pambuyo, ndipo muziika mphindi m'mbali kuti supervisor akafuna kumva yekha mupeze msanga. Yambani kulemba usiku womwewo mukadakumbukira kuti mawu aja anali a ndani.

Mayi Nyirenda: Ana anga, chaputala chachiwiri musachisiye mpaka kubwerako. Zomwe ena analemba kale ndi zomwe zimakuuzani mafunso oti mufunse. Malaibulale a mayunivesite athu amagula ma journal limodzi kudzera ku mgwirizano wawo wa MALICO, ndipo pali Research4Life, njira inanso yopezera ma journal. Pitani padesiki mukatenge njira yolowera muli kunja kwa kampasi musanatseke sukulu, chifukwa muli ku Monkey Bay simudzapeza wokuthandizani. Tsamba la ma journal la AJOL lili ndi zambiri za ku Africa kuno. Za manambala a dziko, onani malipoti a NSO, ofesi ya kalembera, kuphatikizapo kafukufuku wa kagwiritsidwe ntchito ka mafoni, wailesi ndi intaneti yemwe anachita ndi MACRA mu 2019. Musaiwale mashelefu a ma dissertation a anzanu akale. Ambiri sali pa intaneti, ndipo mukhoza kupeza kuti wina anayenda kale madoko omwewo. Wofuna mbiri yakale ya boma lino, kuyambira likutchedwa Fort Johnston, apite ku National Archives ku Zomba.

Posaka musalembe chiganizo chonse. Gawani mutu m'zigawo zitatu, anthu, uthenga ndi njira, chigawo chilichonse mupeze mawu ofanana nacho awiri kapena atatu, mulumikize ndi OR mkati mwa chigawo ndi AND pakati pa zigawo. Za Malawi zikachepa, yang'anani za asodzi a pa Lake Victoria, kumeneko nkhani ya machenjezo a nyengo yalembedwa kwambiri. Chilichonse chomwe mwawerenga chilowe mu Zotero, pulogalamu yosungira magwero, tsiku lomwelo, ndi nambala ya tsamba. Ndipo inu okonda kufunsa ChatGPT, dziwani kuti imatha kupeka dzina la wolemba, chaka ndi journal zooneka zenizeni. Chomwe simunachitsegule ndi maso anu chisalowe m'ntchito yanu. Woyesa akangopeza chimodzi chopeka amakayikira zonse.

Pa kusunga, laibulale ya Mzuni inapsa mu December 2015, mabuku ambirimbiri n'kutheratu. Ngati nyumba yonse ija inatha usiku umodzi, laputopu yanu ndi chiyani? Makope atatu: palaputopu, pa flash yomwe siyenda m'chikwama chimodzi ndi laputopuyo, ndi pa Google Drive. Dzina la fayilo likhale ndi deti, osati final, final2, finalyeniyeni.

Tamanda: Zikomo amayi. Bajeti ndiye ikundiopsa. Ya upkeep imabwera mochedwa ndipo imathera lendi.

Che Amidu: Chodula kwambiri ndi mayendedwe ndi pogona, ndiye sankhani madoko oyandikana, mbali imodzi ya nyanja. Musatenge limodzi kwa Nankumba lina ku Makanjira, ndalama zonse zithera m'njira, ndipo nthawi ya mvula msewu wa ku Makanjira ndi nkhani ina. Malo ogona a alendo cha ku Cape Maclear mitengo yake si ya mwana wasukulu. Pemphani a BVC kapena a mpingo kapena a kumzikiti akupezereni banja loti mukhale nalo, muzisonkha ya ndiwo. Wokuthandizani akhale wa komweko, wotha Chiyao ndi Chichewa, amene anamaliza Fomu 4, koma asakhale mwana wa mfumu kapena wa mwini zida wamkulu. Mugwirizane malipiro a patsiku, osati a pa fomu. Wolipidwa pa fomu amathamanga.

Neti ya udzudzu nyamulani yanu. Kusamba m'nyanja m'malo a bango ndi kuitana likodzo. Ndipo achemwali, padoko usiku musayende nokha, ngakhale mutafuna kuona mabwato akunyamuka. Pitani ndi wokuthandizani uja komanso mayi mmodzi wa m'komiti.

Abiti Saidi: Ena amaphatikiza attachment ndi kafukufuku, kugwira ntchito pawailesi ya m'dera kwinaku akutolera. Zimapulumutsa ndalama, ndipo zojambulidwa mumazipeza mosavuta. Koma anthu akadziwa kuti ndinu wa siteshoni yakuti, onse adzati amamvera yomweyo. Mukasankha njira imeneyi, malaya a siteshoni asiyeni kunyumba popita kudoko, ndipo mulembe mu lipoti kuti munali pa attachment pamenepo.

A Mbewe: Za supervisor. Amakhala ndi ophunzira ambiri, sangakumbukire zomwe munagwirizana mwezi watha. Mukatuluka mu ofesi, tumizani imelo ya mizere itatu yonena zomwe mwagwirizana ndi deti lobweretsa. Fomu ya mafunso asaione koyamba mutabwerako. Aivomereze molemba musananyamuke, chifukwa akadzati funso lakuti likusowa, simudzapeza ndalama yobwerera ku Mangochi.

Tamanda: Ndalemba motere: masiku atatu oyamba makalata ndi mafumu, awiri kuphunzitsa wondithandiza ndi kuyesa fomu, 13 mafomu, anayi magulu ndi kucheza ndi a wailesi, otsala kulemba. Mutu: "Mmene machenjezo a mwera amafikira asodzi a usipa pamadoko awiri a kwa Nankumba". Zili bwino?

Chikondi K.: Siyani masiku awiri opanda kanthu. Pakagwa maliro m'mudzi ntchito imaima, ndipo inunso muyenera kukakhala nawo pasiwa. Magulu musawaike onse kumapeto. Limodzi lichitike fomu isanayambe, likuthandizani kudziwa njira zina zomwe uthenga umadzera zomwe simunaziganizire, monga magulu a WhatsApp a eni zida kapena kulengeza kwa a BVC.

Che Amidu: Ndipo popeza mwasankha kwa Nankumba, wokuthandizani wa Chiyao sangakhale wofunika kwambiri ngati womva Chitonga ndi Chitumbuka. Imbirani wapampando wa doko mufunse kaye amene alipo nyengo imeneyo musanalipire womasulira fomu.

Yusufu: Nanga wopanda SPSS palaputopu?

Chikondi K.: Pa mafomu 103 Excel ikwana, pivot table ikupatsani matebulo onse. Mukafuna chi-square kapena kappa ija, tsitsani PSPP kapena jamovi, zonse ndi zaulere. Kungoti potulutsa ku Kobo, funso lomwe munthu amasankha mayankho angapo lizituluka yankho lililonse ndi mzere wake, wa 1 ndi 0. Mukalitulutsa lonse m'bokosi limodzi mudzakhala mukulekanitsa pamanja usiku wonse. Ndipo maperesenti a funso lotere akapitirira 100 musadabwe, ingolembani pansi pa tebulo kuti munthu ankaloledwa kutchula zingapo.